Malungo a mu Julayi

Ine ndinakulira ku Salima, ndiye za malungo musandiuze. Ndimawadziwa ngati mlamu amene amabwera osaitanidwa n'kukhala mpaka ufa utatha. Kwathu mwana akayamba kuyasamulayasamula, kukana chakudya, kenako n'kufuna bulangeti dzuwa likuswa mtengo, palibe ankafunsa kuti chavuta n'chiyani. Choncho amuna anga atayamba kunjenjemera tsiku lina masana mwezi wa Julayi, m'nyumba yathu ya ku Katawa mu Mzuzu, ndinadziwa asanatsegule pakamwa. Chimene sindinadziwe ndi kumene anakawatola malungowo.

Amene sanakhaleko ku Mzuzu angadabwe kuti funso limeneli likuchokera pati, poti udzudzu uli ponseponse. Ku Mzuzu kwa masiku amenewo udzudzu unali ndi nyengo yake, ndipo mayi aliyense ankaidziwa. Mvula ikakhazikika, kunja kukadali kofunda, zithaphwi za m'dambo la kumunsi kwathu zinkabala udzudzu, ndipo kuyambira Febuluwale mpaka cha mu Epulo ana ankadwala mosinthana. Mu Okutobala kunkatentha ndithu, koma madzi oti udzudzu uswanemo kunalibe. Mu Juni ndi Julayi zinkatembenuka. Mvula yamawawa inkagwa sabata yathunthu, zovala zosauma pachingwe, chifunga chofika pakhomo, madzi ali paliponse, koma kuzizira kwake udzudzu sunkapirira. Umafuna zonse ziwiri pamodzi, madzi ndi kutentha, ndipo m'miyezi imeneyo Mzuzu ankaumana chimodzi. Tinkamasula maneti n'kuwaika m'sutikesi. Anthu ankanena mwanthabwala kuti malungo a mu Julayi amabwera pa basi ya ku Nkhata Bay, chifukwa kunyanja kokhako ndiko udzudzu sunkapita kutchuthi.

Nthabwala imeneyi m'nyumba mwathu sitinkaiseka. Amuna anga kwawo kunali ku Nkhata Bay komweko, ndipo anali ataletsedwa kupondako. Achimwene awo aakulu anathawa m'dziko muno pa mpungwepungwe wa ndale uja unabuka titangolandira ufulu, ndipo kuyambira pamenepo banja lonse linali ndi chizindikiro. Amuna anga, amene anali kalaliki chabe mu ofesi ina ya za nkhalango, anaitanidwapo kamodzi ndi anthu ovala majekete. Sanawamenye. Anangowauza mwaulemu kuti ntchito yawo ndi yabwino, mkazi ndi mwana ali nawo, ndiye nkhope yawo isadzaonekenso kumudzi kwawo, kumene mabwato amawoloka osawerengedwa. Anamva, ndipo zaka zinadutsa osatsikako.

Amene ankakwera anali apongozi anga. Anabwera nditachira mwana wathu woyamba, n'kukhala nafe mwezi wonse. Anali mayi wamng'ono thupi, woseka msanga, ndipo ankandisambitsira khanda uku akutukwana kuzizira m'Chichewa chawo chothyokathyoka. "Mwana wanga, dziko ili ngakhale udzudzu unalithawa, inu mukufunamo chiyani?" ankatero, atakumbatira mbaula. Mayi anga ondibala anali atamwalira kale, ndipo ndinene mosabisa kuti ndinawakonda apongozi angawo. Miyendo itayamba kuwavuta anasiya kubwera, koma chaka chilichonse nyengo yozizira ankatitumizira kathumba ka ufa wa kondowole, wachinangwa uja, kudzera mwa amayi ogulitsa nsomba. Chaka chimenecho ufa sunafike, ndipo ine ndinali ndi amene ndinkamuganizira kuti waudya.

Ameneyo anali aneba anga. Nyumba zathu zinali zogundizana, khoma limodzi, mpopi umodzi. Anali mayi wa Chitumbuka wobadwira m'tauni momwemo, wogulitsa usipa kumsika, ndipo ufa wathu unkadzera m'manja mwawo. Analinso mkulu wa amayi a chipani m'dera lathu. Ndiwo ankagogoda pakhomo kuti tikavine akuluakulu akamabwera, ndiwo ankadziwa amene alibe khadi la chipani. Chipongwe sanandichitepo, ngakhale tsiku limodzi. Koma ankafunsa mafunso ambiri, ndipo ankaseka asanamve yankho. Masiku amenewo munthu wofunsa kwambiri tinkamupatsa moni ndi mano okha.

Kumapeto kwa Juni amuna anga anandiuza kuti atumidwa ku Chikangawa, kukathandiza mu ofesi ya kumeneko kwa sabata imodzi. Ku Chikangawa kumazizira koti Mzuzu n'kuoneka ngati Salima. Ndinawalongedzera majuzi awiri, mpango wa m'khosi ndi masokosi aubweya. Anabwerako ali ndi mutu wa mpala, wometedwa ndi lezala.

"Kodi bambo, kuzizira konseko inu n'kukameta mpala?" ndinafunsa.

"Mabulangeti a kumeneko ali ndi nsabwe," anatero, maso ali pa nsapato zimene ankavula.

Madzulo ake ndinawapeza kumpopi akuchapa okha malaya ndi mathalauza awo, munthu amene chikwatirane sanagwirepo sopo wochapira. Nditatsegula chikwama, majuzi aja anali opindidwa mmene ndinawapindira ine, akununkhabe m'sutikesi. Ndinangowabwezera pamalo pake n'kuyamba kusunga zinthu mumtima, monga timachitira akazi. Munthuyo anali atasanduka wina. Ankadya pang'ono, wailesi osatsegula, mwana akakwera pamiyendo ankangomusisita mutu maso ali kutali. Ine ndinati basi, kuli mkazi. Ndinkamuona m'maganizo mwanga, wakhungu losalala, wokonda amuna ometa mpala, ndipo ndinkapsa mtima mpaka kuswa kapu.

Patapita masabata awiri kapena kuposerapo pang'ono, malungo aja anafika. Amuna anga anaweruka msanga kuntchito, n'kulowa m'mabulangeti onse a m'nyumba, mano akugundana.

"Ndi chimfine," anatero.

"Chimfine chopanda mamina?" ndinafunsa. "Bambo, ine ndine wa ku Salima. Awa ndi malungo. Ndipo ku Chikangawa kulibe udzudzu mu Juni, ngakhale mutaufuna ndi nyali. Munali kuti?"

"Mayi, chepetsani mawu."

"Ndichepetse mawu kuti chiyani? Munapita kunyanja inu. Ndani ali kumeneko woti mpaka muike moyo wathu pachiswe?"

Analoza khoma ndi chala, pakuti kuseri kwake kunkamveka aneba akupeta. Kenako anandigwira dzanja. Dzanja lawo linkatentha ngati chitsulo chositira. Anandiuza monong'ona kuti zivute zitani ndisawatengere kuchipatala. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Munthu akafika ndi thupi lotentha m'miyezi yozizira, dokotala aliyense wa ku Mzuzu ankayamba ndi funso limodzi: mwayendako kunyanja posachedwapa? Linali funso la ntchito yake, lomuthandiza kusiyanitsa malungo ndi chibayo, chimene chinkagwira anthu ambiri nyengo imeneyo. Koma linkafunsidwa m'chipinda chodzaza, benchi ya odikira ili pakhomo pomwepo, ndipo pa benchi imeneyo sunkadziwa kuti wodwala ndi uti, khutu la boma ndi liti.

Ndinali ndi mapilitsi a kulorokwini otsala pamene mwana anadwala mu Malichi. Kukagula ena kugolosale sindikanatha, chifukwa mayi wogula mankhwala a malungo mu Julayi ku Katawa inali nkhani yofika kumsika iye asanafike kunyumba. Ndinawapatsa amene analipowo. Anawasanza onse. Ndinayesanso ndi phala, anasanzanso. Iwo n'kumandilimbitsa mtima kuti ndi mwana wa kunyanja, malungo amawadziwa, atha okha monga ankathera ali mnyamata. Anaiwala kuti thupi limaiwala. Zaka zonse zimene anakhala kumtunda kozizira osalumidwa kawirikawiri zinali zitawasandutsa mlendo kwa udzudzu wa kwawo komwe.

M'mawa mwake aneba anafika, mbale ya usipa ili m'manja.

"Odi kuno! Mwawuka uli, mama?"

"Tadzuka, amama, kaya inu," ndinayankha nditaima pakhomo kuti asalowe.

"Yewo, tawuka makola. Adada sanapite kuntchito lero?"

"Chimfine chawagwira."

Anaseka kuseka kwawo kuja. "Chimfine chogwedeza bedi, mama? Ine ndimamva kwathu uko khoma likunjenjemera. Chimfine cha chaka chino chakula chomene." Anasuzumira paphewa langa. "Akanakhala wina tikanati malungo. Koma malungo mu Julayi, kuno? Munthu woti anali ku Chikangawa?"

"N'chifukwa chake ndati chimfine," ndinatero.

"Eya, n'zoona," anatero. Anandipatsa mbale ija, n'kundiyang'ana nthawi yaitali osaseka. "Koma chimfine china chimafuna jakisoni, mama. Musachedwe nacho."

Usipa umenewo ndinaupatsa galu. Ndinkaona ngati mawu aliwonse amene analankhula anali msampha, ndipo mpaka lero sindinganene kuti sanali. Tsiku lonse ndinkangomva mapazi awo: akutuluka, akubwerera, akulankhula ndi munthu wina kumsewu. Galimoto ikachepetsa liwiro pafupi ndi nyumba, ndinkathamangira kukasuzumira pazenera. Ndinali ndi mantha, ndinalinso ndi ukali, ndipo sindinkadziwa kuti ndiyambe ndi chiti. Ndinkawapukuta amuna anga thukuta ndi dzanja limodzi, mtima ukunena kuti akanapita kwa mkazi wawoyo akawapukute.

Matendawo ankachita ngati akusiya, kenako n'kubweranso ndi mphamvu zoposa. Tsiku lina m'mawa ndinaona maso awo ali achikasu. Mkodzo m'chitini unali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Cha kumasana anasiya kundizindikira. Anayamba kulankhula Chitonga, chimene ine ndinkangotolamo apa ndi apo, ndipo ankalankhula ndi munthu wamkazi, akulira, akupepesa kuti anachedwa kufika, kuti amukhululukire. Mwamuna wanga, amene sindinamuonepo akugwetsa msozi, akulirira mkazi wina pabedi langa! Ndinaima pakati pa chipinda manja ali m'chiuno, ndikufuna kumutukwana. Kenako khosi lake linauma, maso n'kutembenuka, ndipo ukali wonse unandithera pomwepo. Ku Salima ndinaonapo zimenezi, ndipo ndinkadziwa kumene zimathera.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinatsegula changa n'kukagogoda cha aneba, chifukwa panalibenso china chogogoda. Sanafunse kanthu, zomwe kwa iwo zinali zachilendo. Anatuma munthu kukaitana mlamu wawo amene anali ndi kalole konyamula nsomba, mwana wanga anamusiya kwa mtsikana wawo wamkulu, ndipo tinawanyamula amuna anga pamatiresi. Ine ndinkayembekeza kuti aneba athera pamenepo. Ayi ndithu, anakwera nawo. Anali atavala chitenje cha chipani, kaya chifukwa ndicho chinali pafupi, kaya ankafuna chiwatsegulire njira, kaya ankapita kuntchito yawo ina ija. Njira yonse anagwira mutu wa amuna anga kuti usagunde zitsulo, ine ndikuyang'ana chitenjecho.

Kuchipatala chitenje chija chinatidumphitsa mzere. Dokotala anali bambo wachikulire wooneka wotopa, wovala juzi mkati mwa khoti loyera. Anawagwira pamphumi, anawatsegula zikope, anamvetsera pachifuwa. Chitseko chinali chotsegula, anthu a pabenchi akuyang'ana, aneba ataima kumbuyo kwanga moti ndinkamva fungo la usipa.

"Ayamba liti?" anafunsa dokotala. Ndinamuuza.

"Akutsokomola?"

"Ayi."

"Anayendako kunyanja kapena kwina kotentha masabata apitawa?"

Ndinayang'ana amuna anga. Sakanatha kundiletsa, sakanathanso kundithandiza. Ndinaganiza zonena kuti anali ku Chikangawa, monga mmene ofesi yawo inkadziwira, monga mmene Katawa yense ankadziwira. Koma ndikanatero dokotala akanayamba kufunafuna matenda a kozizira, kapena akanadikira kaye zotsatira za magazi, ndipo munthuyo analibe nthawi yodikira. Ndikanena zoona, mawuwo akanalowa m'makutu a aneba ndi a benchi yonse, ndipo ukayenda umasiya phazi, mlomo umakutsata. Ndinaona anthu a majekete aja akubwera, ndinaona mwana wanga akukula wopanda bambo. Koma munthu wotsekeredwa nthawi zina amatuluka.

"Inde," ndinatero. "Anapitako."

Dokotala sanakweze n'komwe mutu. Anaitana namwino, anatchula kwinini, ndipo pasanapite nthawi amuna anga anali pabedi diripi ili pamkono. Kwa iye nkhani inathera pomwepo. Nditacheuka, aneba ankayang'ana pazenera, ngati kunja kukuchitika zosangalatsa kwambiri.

Amuna anga anachira. Zinatenga nthawi, makutu anagontha masiku angapo chifukwa cha mankhwalawo, koma anachira. Atayamba kuzindikira anthu, funso lawo loyamba linali lakuti, "Anafunsa?"

"Anafunsa."

"Munati chiyani?"

"Ndinanena."

"Panali ndani?"

Nditawauza anatembenukira kukhoma. Sanandikalipire, sanandithokoze. Inenso sindinawafunse za mkazi uja, poti m'chipinda cha odwala mabedi anali ogundana. Ndinati tikafika kunyumba tikambirana, ndipo mawu anga ndinali nditawanola kale.

Titabwerera kunyumba tinayamba kudikira. Amuna anga ankakhala pampando pafupi ndi mbaula, ali ndi nsapato kumapazi ngakhale sankapita kulikonse, ndipo ndinadziwa kuti safuna kudzatengedwa opanda nsapato. Nkhani ya mkazi ija ndinkaisunthira mawa tsiku lililonse, chifukwa munthu woonda chotero kumukalipira kunali ngati kumenya mwana. Aneba ankapereka moni kumpopi monga kale. Ndinkawerenga nkhope yawo osapezamo kanthu.

Tsiku lina Loweruka m'mawa, mvula yamawawa ikugwa, anagogoda. Sanafuule odi wawo wamasiku onse. Anali atavala chitenje wamba chakuda ndi duku, atasenza lichero lovundikira ndi nsalu. Analowa, analambalala mpando umene ndinawapatsa, n'kukhala pansi pamphasa, miyendo atatambasula. Mkazi sakhala choncho m'nyumba ya mnzake popanda chifukwa. Anavundukula lichero. Munali ufa wa kondowole.

"Phepani chomene, adada," anatero, akuyang'ana amuna anga. Kenako anatembenukira kwa ine. "Phepani, mama. Ndinadikira kuti adada apeze mphamvu kaye. Amayi a nsomba anandiuza kalekale kuti agogo atisiya, koma ndinaona kuti pakhomo pano simunayale mphasa, ndiye ndinati si ine woyamba kulira."

"Agogo ati?" ndinafunsa, ngakhale ndinali nditamva.

Anayang'ana amuna anga, anayang'ana ine, n'kuika dzanja pakamwa. Amuna anga anawerama, ndipo ndinaona mutu uja, tsitsi litayamba kumera. Ine mwana wa Achewa, amene ndinametedwapo mpala pa maliro a mayi anga, ndinakhala ndi mutu umenewo m'nyumba mwezi wathunthu n'kumaganiza za nsabwe ndi akazi.

"Uthenga unandipeza kuntchito kuti adwalika," anatero amuna anga motsitsa mawu. "Ndinadzera njira za m'mapiri. Ndinapeza ataikidwa dzulo lake. Ndinagona kumunda, kuti anthu asandione pamudzi."

"Osandiuza ine?"

"Chimene simukuchidziwa sangakufunseni, mayi."

Ndinafuna kuwamenya. Ndinafunanso kufuula mmene timafuulira kwathu, kuti Katawa yense amve kuti mayi amene anandisambitsira khanda wapita ine osaponyako dothi. Kulira kunali kutafika kale pakhosi pamene aneba anadzuka msanga, anakatseka zenera, n'kukoka katani. Anabwerera pamphasa n'kundikokera pachifuwa pawo.

"Lirani, mama," anatero. "Koma pang'onopang'ono."

Anthu a majekete sanabwere mwezi umenewo, kapena wotsatira. Kaya aneba sananene, kaya ananena koma olandira nkhaniyo anali ndi nsomba zazikulu zoti agwire, sindinadziwe ndipo sindidzadziwa. Chimene ndimakumbukira ndi m'mawa umenewo. Ndinalira apongozi anga nkhope nditaikwirira m'chitenje chonunkha usipa, mayiyo akundisisita msana ndiponso akulira nawo misozi yeniyeni. Panali zambiri zimene ndinkafuna kuwauza malemuwo, monga timachitira polira, koma ndinangolira osatchula mawu alionse, chifukwa khutu la aneba linali pafupi kwambiri ndi pakamwa panga.